Ku Kapiri kwake kuti?

Funso:

Ndine mlembi wa komiti ya chitukuko m'mudzi wina kufupi ndi Kapiri, kuno ku Mchinji. Mwana wanga amene ali ku Johannesburg anatumiza njinga, sola ndi mabulangete kudzera kwa anyamata a thiransipoti. Pa katunduyo analemba kuti Kapiri, koma iwo anakamutsitsa ku Kapiri wa ku Dedza. Vuto lina n'lakuti m'dera la mfumu yathu yaikulu muli mudzi wina wa dzina lofanana ndi lathu, ndipo chaka chatha mayina a anthu athu ena pa mndandanda wa fetereza wotsika mtengo anakapezeka kwa anzathuwo. Kodi amapereka mayina a malo ndani, nanga boma limalolerenji kuti azifanana chonchi? Anthu ena m'mudzi muno akuti tingosintha dzina. Mungatilangize bwanji?

Yankho:

Zikomo bambo mlembi. Ndiyambe ndi funso lomalizalo, popeza ndi limene lingautse mkangano pabwalo: dzina la mudzi wanu musasinthe. Mudzataya zambiri, ndipo katundu azidzasocherabe. Koma kuti mukathe kuwafotokozera anzanuwo, tiyenera kuona kaye kumene mayinawa amachokera. Anthu ambiri amaganiza kuti ku Lilongwe kuli ofesi imene imakhala pansi n'kumagawa mayina a midzi, n'kumaonetsetsa kuti asafanane. Si mmene zinayendera. Mayina a midzi ndi a misika yathu boma linawapeza alipo kale, lokha linangowalemba m'mabuku.

Dziko lathu lili ndi maboma 28. Malo amene ali ndi khonsolo yawoyawo ndi owerengeka: mizinda inayi ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, kuphatikizapo matauni ochepa monga Kasungu ndi Luchenza. Amenewa ali ndi malire olembedwa komanso meya wawo. Koma Kapiri, Kamwendo, Waliranji, Mkanda, Santhe, Chamama, Nkhamenya, ngakhale pa Mchinji boma penipeni, onsewa ali m'manja mwa khonsolo ya boma lonse ndi mafumu a m'deralo. Ambiri ndi malo ongomera okha. Wina anamanga golosale pamphambano, wina anaika chigayo, a ADMARC anabweretsa sikelo, mishoni inamanga sukulu, kenako msika n'kuyamba kumakhalapo tsiku limodzi pa sabata. Mutafunsa anthu a pa Kapiri pomwepo kuti Kapiri amathera pati, wina akulozerani pamene pathera magolosale, wina awerengera ndi midzi yonse imene imagula mchere pamenepo. Malo otere palibe amene anakawalembetsa tsiku limene ankayamba, ndiye panalibenso wowauza kuti dzina limenelo ena anatenga kale.

Munthu amene ankatcha dzina sankaganizira dziko lonse. Ankaganizira anthu amene angafike pamalopo wapansi n'kubwerera kwawo dzuwa lisanalowe. Kwa anthu amenewo kaphiri kodziwika kanali kamodzi, mkuyu waukulu unali umodzi, dambo la mchenga linali limodzi, ndipo dzina linkakwanira. Zikusokonekera lero chifukwa malole, mafoni ndi makompyuta a boma asonkhanitsa pamodzi mayina amene kale sankakumana. Kapiri wanu ali pa msewu wochoka pa Kamwendo kupita ku Kasungu. Wa ku Dedza ali kwa Kachindamoto, pa msewu wochoka pa Golomoti kulowera ku Monkey Bay. Ku Zambia kuli Kapiri Mposhi. Kamwendo wa pamphambano ya kwanu ali ndi mnzake kummwera, pa msewu wochoka ku Zomba kudzera ku Jali kupita ku Phalombe. Chilanga wa ku Kasungu, kumene kuli sukulu ya ana osaona, ali ndi mnzake kufupi ndi Lusaka, kumene amapanga simenti. Kachere ndiye musanene: kuli Kachere ku Blantyre pa msewu wa ku Zomba, kuli ndende ya Kachere ku Lilongwe, osawerengera midzi ndi masukulu amene anatchedwa dzina la mtengo womwewo.

Mitsinje imachulukitsa mayina mwa njira yakeyake, chifukwa mtsinje umayenda ndi dzina lake kuyambira kugwero mpaka kumathiriro. Bua amayambira kwanu ku Mchinji, amadutsa m'malire a Kasungu ndi Dowa, n'kukathira m'nyanja ku Nkhotakota. Paliponse pamene msewu wauwoloka, anthu a pamenepo amati pa Bua, ndipo onse akunena zoona. Dwangwa amayambira m'nkhalango ya Kasungu. Pali Dwangwa wa pa msewu wa M1, kumpoto kwa Kasungu boma mukamapita ku Nkhamenya, ndiye pali Dwangwa wa ku Nkhotakota kumene kuli minda ya nzimbe ndi fakitale ya shuga. Munthu wa ku Blantyre mukamuuza kuti ndikupita ku Dwangwa, maganizo ake amathamangira kunzimbe, chifukwa malo aakulu amameza ang'onoang'ono. Lingadzi nayenso si umodzi: wina umadutsa mumzinda wa Lilongwe, wina uli m'nkhalango ya Kasungu momwemo, ndipo iwiriyi ndi mitsinje yosiyana.

Nkhani ya mudzi wanu ndi wa anzanuwo ili pena. Mudzi kwathu kuno nthawi zambiri umadziwika ndi dzina la ufumu, ndipo dzina la ufumu silifa. Mfumu ikamwalira, wina amalowa dzina: kwa Achewa kawirikawiri ndi mphwake, mwana wa mlongo wake, pamene kwa Angoni a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni amalowa ndi mwana wa mfumuyo. Choncho dzina limatsatira anthu, silitsatira dothi. Kale mudzi unkasamuka nthaka ikaguga, maliro akachuluka, kapena nkhondo ikayandikira, ndipo dzina linkasamuka nawo. Ku Kasungu, mu 1922, boma la atsamunda linachotsa anthu kumadzulo kwa bomalo chifukwa cha matenda a kaodzera, dera lomwe pambuyo pake, mu 1970, linakhala Kasungu National Park. Anthuwo sanasiye mayina awo pa mabwinja. Anapita nawo kumene anakamanga. Ndipo pa kusamuka kotere si onse amene amapita kumodzi. Ena amatsatira kumtunda, ena kumunsi, aliyense akuti ife ndife a kwa Uje, basi dzina limodzi lakhala pawiri.

Inu a m'malire mumazidziwa bwino izi kuposa anthu a m'maofesi. Ku Kasungu kuli Mwase, ku Lundazi m'dziko la Zambia kulinso Mwase. Ku Mchinji kuli Mkanda, kumpoto kwa Chipata kulinso mfumu Mkanda. Maufumu amenewa analipo azungu asanadule malire awo potsata mtunda umene umalekanitsa madzi opita ku Luangwa ndi madzi opita ku nyanja yathu. N'chifukwa chake mwezi wa Ogasiti mafumu a Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakakumana ku Mkaika, ku Katete, pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Kufanana kwa mayina kotereku ndi umboni wa ubale, ndipo ine sindingakondwe kuona munthu akukufufuta pofuna kuthandiza kalaliki. Komabe si kufanana konse kumene kumatanthauza ubale. Ku Mulanje kuli mfumu yaikulu imene ena amalemba Nkanda, ena Mkanda, ndipo umenewo ndi ufumu wina.

Onjezanipo nkhani ya fodya. M'zaka za m'ma 1970 maesiteti anatsegulidwa ambiri ku Kasungu ndi ku Mchinji, ena a Press Farming ndi General Farming, ena a anthu paokha. Matenanti anabwera kuchokera kummwera ndi m'maboma ena a m'chigawo chapakati, ndipo ambiri sanabwererenso. Maesiteti ena ankangodziwika ndi nambala, mpaka lero anthu amatchulabe nambalayo ngati dzina la malo. Obwera ena atakhazikika anatcha malo atsopanowo mayina a kwawo. Pa kalembera wa 2018, Kasungu anapezeka ndi anthu oposa 840,000, Mchinji oposa 600,000. Anthu ochuluka chotere amafuna midzi yambiri, koma nkhokwe ya mayina imene timatapamo sinakule.

Chimene chachulukitsa kwambiri midzi ya dzina limodzi m'zaka zaposachedwa ndi kugawikana. Mbumba ikakula, kapena abale akayambana pa za munda, pa za ufiti, kapena pa za amene alowe ufumu, ena amasamukira tsidya la dambo. Osamukawo safuna kusiya dzina, popeza dzinalo ndilo umboni wakuti nawonso ndi eni nthaka, eni manda, eni bwalo. Zimenezi zinalipo kuyambira kale. Koma kuchokera mu 2005, makuponi a fetereza atayamba kubwera kudzera m'midzi, anthu anaona kuti kukhala mudzi paokha kuli ndi phindu: mndandanda wanuwanu, chidindo chanuchanu, ndi chiyembekezo chakuti tsiku lina mfumu yanu idzayamba kulandira mswahala. Mabanja owerengeka okha n'kukhala mudzi. M'malamulo a mafumu a 1967, mfumu yaikulu ya deralo ndiyo imaika nyakwawa ndi gulupu. Lamulolo linalembedwa kuti lilongosole za amene akulongedwa ufumu ndi ntchito zawo, osati kuti lilondere mayina. Ndiye mupeza m'kaundula dzina limodzi lili ndi 1, 2, mwinanso 3 kutsogolo kwake, pena lili ndi A ndi B, pena lilibe chilichonse cholisiyanitsa. Dziwaninso kuti si mfumu iliyonse imene ili ndi chidindo imene ili m'mabuku a kwa bwanamkubwa. Musanapite kulikonse, funsani akuluakulu a m'mudzi mwanu ngati mudzi winawo unatuluka mwa inu, kapena inu munatuluka mwa iwo, kapena munangokumana pa dzina. Yankho lake ndi limene lidzakuuzani mmene mungawalankhulire.

Musaone ngati zimenezi ndi kusalongosoka kwa Malawi yekha. Ku America kuli malo ang'onoang'ono akumidzi ochuluka zedi amene alibe khonsolo yawoyawo, amangoyang'aniridwa ndi boma la dera lonse, monga mmene alili Kapiri. Mayina ngati Fairview, Midway, Oak Grove ndi Pleasant Hill amabwerezedwa kambirimbiri, nthawi zina kangapo m'chigawo chimodzi, ndipo Springfield amapezeka m'zigawo zoposa 30. Kumenekonso anthu ankatcha malo potengera mtengo, phiri, kapena kwawo kumene anachokera. A positi kumeneko ankakana kuti mapositi ofesi awiri a m'chigawo chimodzi akhale ndi dzina lofanana, mwakuti malo ena anakhala ndi mayina awiri, lina la pa kalata, lina la pakamwa. Mu 1890 boma lawo linakhazikitsa bungwe loona za mayina a malo, ndipo mu 1963 anayambitsa manambala a positi a madijiti asanu. Mayina obwerezedwa aja sanathe. Anangowonjezera chizindikiro china pambali pa dzina.

Tsono tibwere pa maganizo osintha dzina. Boma lenileni linasinthapo mayina titalandira ufulu: Fort Manning anakhala Mchinji, Fort Johnston anakhala Mangochi, Port Herald anakhala Nsanje, Fort Hill anakhala Chitipa. Anzathu a ku Zambia anasintha Fort Jameson kukhala Chipata. Zinatheka chifukwa boma linali ndi wailesi, masukulu, zikwangwani ndi zidindo zonse m'manja mwake. Ngakhale apo kufanana sikunathe: m'nkhalango ya ku Nkhotakota muli phiri la Chipata, ndipo alendo amasokonezabe Mchinji ndi Machinga. Nanga inu, mudzi umodzi, mukasintha, mudzasankha dzina lanji? Ndikudziwa amene adzatuluke pamsonkhanowo: Chimwemwe, Mtendere, Chigwirizano, Tiyanjane, Chisomo. Amenewo ndiye ali paliponse, pa midzi, pa makalabu a alimi, pa mabanki a m'mudzi, pa mabutchala. Mudzathawa mnzanu mmodzi n'kukapeza anzanu makumi.

Ganizaninso zimene zamangirira pa dzina lakalelo. Pamene anthu anu ankalembetsa ziphaso za unzika mu 2017, pa fomu analemba mudzi, mfumu yaikulu ndi boma. Dzina lomwelo lili m'mabuku a kuchipatala, m'kaundula wa mlangizi wa zaumoyo, m'makalata a minda, pa chidindo cha amfumu, m'mabuku a mpingo, ndi pa mndandanda wa Mtukula Pakhomo, amene, tinene pano, anayambira kwanu ku Mchinji konko mu 2006. Maofesi amenewa sasintha mabuku tsiku limodzi. Kwa zaka zingapo mudzakhala mudzi wa mayina awiri, ndipo wina ku ofesi adzaganiza kuti dzina latsopanolo ndi mudzi wopeka. Choopsa kuposa zonsezi: ngati anzanuwo ndi abale anu amene munagawikana nawo, tsiku limene mudzasiye dzina mudzakhala mwawapatsa umboni woti iwo ndiwo eni ufumu. Mlandu wa malire a minda ukadzabuka, zimenezi zidzatchulidwa pabwalo.

Chimene chimalozera malo m'Malawi si dzina limodzi, koma mndandanda wa mayina, ndipo inu mumaudziwa kale. Mverani mauthenga achisoni pa wailesi: amatchula womwalirayo, mudzi wake, mfumu yaikulu, ndi boma. Apolisi akamanena za munthu amene amumanga, amamaliza ndi mudzi, mfumu yaikulu ndi boma. Palibe amene amanyamuka ulendo wa kumaliro atangomva dzina la mudzi lokha. Zili ngati mphunzitsi amene ali ndi ana asanu a Phiri m'kalasi mwake: sauza makolo kuti asinthe mfunda, amangowonjezera dzina lina mu rejisitala kuti adziwe amene akumuitana. Vuto n'lakuti mndandanda wa mudzi, mfumu yaikulu ndi boma unkakwanira midzi ili yochepa. Lero mfumu yaikulu imodzi imakhala ndi midzi yambirimbiri, ndiye pakufunika kuikapo gulupu pakati. Mafomu ambiri alibe mpata wa gulupu. Lembanibe, ngakhale m'mphepete.

Za katundu uja, mlandu ndi wa onse awiri. Mwana wanu analemba ngati akulembera munthu wa pa Kamwendo. Woyendetsa galimotoyo naye, safunsa anadya phula. Ngati anazolowera njira ya ku Mangochi, kumene anthu ambiri ali ndi abale ku Joni, Kapiri amene anamubwerera m'mutu ndi wa kwa Kachindamoto. Muuzeni mwanayo kuti ulendo wina ayambe ndi boma, m'zilembo zikuluzikulu: MCHINJI. Kenako Kapiri, kenako msewu wa Kamwendo kupita ku Kasungu, kenako dzina la wolandira ndi manambala a foni awiri, ina ikhale ya munthu amene amakhala pa sitolo pamsika, chifukwa foni ya kumudzi imazima tsiku lomwe ikufunika. Alembe pa thumba lililonse, osati pa limodzi, ndipo ajambule chithunzi asanapereke. Pogwirizana mtengo atchule boma, popeza mtengo wa ku Mchinji ndi wa ku Dedza sungafanane. Woyendetsa akatchula mtengo osafunsa kuti ku Kapiri kwake kuti, pamenepo m'pamene payambira kusochera.

Makolo athu anali ndi njira yawo imene inkagwira bwino ntchito: kalata inkalembedwa kudzera pa sukulu kapena pa tchalitchi, ndi nambala ya bokosi la ku positi. Sukulu siyenda, ndipo aliyense wa kabaza amaidziwa. Mpaka pano, kutchula sukulu ya pulayimale yapafupi kumathandiza kuposa kutchula dzina la nyakwawa, makamaka mukamaitana ambulansi usiku. Amene ali ndi foni ya intaneti akhoza kuima pakhomo panu n'kutumiza malo enieni pa WhatsApp. Zimenezo n'zodalirika. Chimene sindikhulupirira ndi kulemba dzina la mudzi pa mapu a m'foni n'kutsatira kumene akulozerani. Midzi yambiri mulibemo, ina inaikidwa pamalo olakwika, ndipo mukalemba Kapiri akhoza kukupatsani wa ku Zambia. Bungwe la MACRA, limene lamulo la 2016 linalipatsa udindo wa maadiresi, lakhala likuika manambala a positi a madijiti asanu ndi imodzi komanso mayina a misewu, kuyambira m'mizinda. Ndi ntchito yabwino, koma musaidikire kuti ndiyo ikusiyanitseni ndi anzanu a tsidya la dambo.

Nkhani ya mndandanda wa fetereza ndiyo imafuna kuti muvale nsapato muyende. Mayina amachoka m'mudzi, amadutsa kwa mlangizi wa zaulimi, amafika ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu, yotchedwa EPA, kenako kuboma, n'kulowa mu kompyuta. Kalaliki amene sanapondeko kwanu akaona midzi iwiri ya dzina limodzi pansi pa mfumu yaikulu imodzi, amaganiza kuti wina analemba kawiri, ndiye amaphatikiza. Ngati midzi yanu ili pansi pa magulupu osiyana, mankhwala ake ndi apafupi: pepala lililonse lochoka m'manja mwanu likhale ndi dzina la gulupu pafupi ndi dzina la mudzi, ndipo mukapemphe a ku EPA kuti akonze chomwecho m'kaundula wawo inu mukuona. Ngati gulupu ndi mmodzi, nyakwawa ziwirizo zikhale pansi pamaso pa gulupu, nkhani ikafike kwa mfumu yaikulu, mugwirizane mawu owonjezera pa dzina. Apa ndikuchenjezeni. Manambala amaoneka osavuta, koma amautsa mkangano, popeza aliyense amafuna kukhala 1, ndipo amene wapatsidwa 2 amamva ngati amuyesa mwana. Mawu onena za malo savuta kuvomereza: wa kudambo, wa kumsewu, wa kuphiri. Palibe amene amanyozeka nawo, ndipo mlendo amathandizika.

Mukagwirizana, lembani kalata imodzi yofotokoza kuti midziyi ndi iwiri, kuti uliwonse uli pati, uli ndi mabanja angati, ndipo uzilembedwa motani. Padindidwe zidindo za nyakwawa zonse ziwiri, cha gulupu ndi cha mfumu yaikulu. Muikope kangapo: ina ipite kwa bwanamkubwa, ina ku ofesi ya zaulimi, ina kuchipatala chanu, ina kwa a zachisamaliro cha anthu, ina kwa a kalembera wa unzika. Ina isungidwe mu faelo ya komiti yanu, ndipo mukaiwerengenso pa msonkhano wa ADC, komiti ya chitukuko ya dera lonse la mfumu yaikulu, kuti ilowe m'maminitsi. Alangizi amasamutsidwa, makalaliki amasintha. Wobwerayo sadzadziwa zimene munagwirizana ndi wochokayo pokhapokha mutamuonetsa pepala.

Ndinenenso mosapsatira kuti si kusokonekera konse kumene kumakhala kwangozi. Mayina ofanana ndi pobisalira pabwino pa munthu wakuba. Kuyambira 2020 fetereza wotsika mtengo amagulidwa ndi chiphaso cha unzika, ndipo nambala ya chiphaso siifanana ndi ya munthu wina aliyense. Choncho musangoyang'ana mayina pa mndandandawo. Tengani manambala a ziphaso za anthu anu amene anasowa, mukafunse kuti manambalawo ali pansi pa mudzi uti, nanga thumba linatuluka kapena ayi. Ngati nambala ili ya munthu wanu koma yangoikidwa pa mudzi winawo, kumeneko n'kuphonya kwa cholembera. Koma ngati dzina lili la munthu wanu, nambala ili ya wina, kapena kompyuta ikuti anagula kale pamene mwini wake sanaone thumba, imeneyo si nkhani ya mayina a midzi ayi, ndipo kokaitula ndi kwa bwanamkubwa ndi kupolisi.

Pali vuto lina lotsutsana ndi lanuli limene alembi ambiri salilabadira: mudzi umodzi kukhala ndi malembedwe angapo. Wina alemba Waliranji, wina Walilanji. Wina Mavwere, wina Mavwele. Wina ayamba ndi M, wina ndi N. Pakamwa n'chimodzimodzi, koma kompyuta imawerenga ngati malo awiri. Ambiri mwa malembedwe amenewa anayamba ndi anthu ojambula mapu ndi amishoni amene ankalemba monga khutu lawo lamvera, malamulo a kalembedwe ka Chichewa asanakhazikitsidwe. Musalimbane ndi kufufuza kuti olondola ndi ati. Onani mmene dzina lalembedwera pa chidindo cha amfumu ndi m'buku la kwa bwanamkubwa. Ngati zikugwirizana, tsatirani zimenezo chilembo ndi chilembo pa pepala lililonse, ndipo uzani aphunzitsi, mlangizi ndi alembi a mpingo kuti achite chimodzimodzi.

Pamene zonsezi zidzafunike kwambiri ndi pa kulembetsa minda. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo pa gulupu aliyense: wapampando ndi gulupuyo, pamodzi ndi anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa, atatu mwa iwo kapena kuposerapo akhale amayi. Ntchito yoyeserera inachitika m'madera ena a Kasungu, Phalombe ndi Rumphi. Oyeza malo amatenga manambala a ngodya za munda ndi makina, ndiye munda wanu sungasochere pa mapu. Koma dzina la mudzi ndi la gulupu amalemba zimene mwawauza, ndipo ngati midzi iwiri ikuyankha ku dzina limodzi, satifiketi ikhoza kutuluka ikuloza munda wa kwanu pansi pa nyakwawa ya anzanuwo. Ziphaso za minda zisanatuluke, amapachika mapu ndi mayina poyera kuti anthu aone ndi kudandaula ngati pali cholakwika. Tsiku limenelo mudzapite ndi kalata ya zidindo ija, mudzawerenge mzere uliwonse wa anthu a m'mudzi mwanu, ndipo pamene gulupu kapena mawu owonjezera aja asowa, mudzakonzetse pomwepo musanavomereze.